Tsamba la a Dokotala m'kabuku kanga ka ngongole

Sabata ino mundikhululukire, anzanga a pamsika. Ndikudziwa kuti ena mwatsegula tsamba lino kuti mumve ngati anyezi watsika, kapena ngati nkoyenera kuoda nyemba panopa. Zimenezo tidzakambirana sabata yamawa. Lero ndatenga kabuku kanga ka ngongole. Aliyense wa ife ali nako kabuku kotere, kaya ndi kope la ana asukulu lothimbirira ndi mafuta ophikira, kaya ndi chikatoni chong'amba chomwe mumabisa pansi pa benchi. M'kabuku kanga muli tsamba limodzi lomwe lidandisowetsa tulo kuposa ena onse, ndipo pamwamba pake ndidangolemba kuti "a Dokotala".

Si dokotala wa jakisoni ayi. Ndi mphunzitsi wa pasukulu yaukachenjede, mmodzi mwa aja adaphunzira mpaka sukulu kuthera, amene ana athu amawatcha malekichala. Dzina lawo sinditchula, ngakhale koleji yomwe amaphunzitsa. Akhala kasitomala wanga zaka zambiri. Ankabwera Loweruka m'mawa, kugula mpunga, nyemba, mafuta ndi thireyi ya mazira, osanenerera mtengo nkomwe. Tchenji ikatsala ankati, "Achimwene, mukagulire ana masiwiti." Kasitomala wotere umamusungira katundu wabwino pansi pa benchi, ndipo banyira umamuikira asanapemphe.

Zinthu zidayamba kusintha pang'onopang'ono. Choyamba adasiya kubwera m'mawa, nkumafika chisisira msika ukutsekedwa, nthawi yomwe ana asukulu sapezekapezeka. Kenaka adayamba kunena chapansipansi kuti, "Mundilembere, ndidzakuonani pamalipiro." Ndidalemba, ndipo mwezi woyamba adalipira. Wachiwiri adalipira theka. Pofika mwezi wachinayi munthu uja adali atatha thupi, lamba atabooledwa bowo lina, shati yomweyomweyo masiku atatu. Tsiku lina adaima patsogolo pa milu ya tomato nthawi yaitali, maso ali tong'o, nditawafunsa chomwe akufuna adati aiwala chomwe adabwerera. Lachiwiri lina masana ndidamva fungo la mowa. Ngongole idali itafika K86 500, ndipo kwa ine ndalama imeneyo idali mbali yaikulu ya mpamba.

Anzanga a mabenchi oyandikana ankaseka. Yankho adali nalo kale: "Sukulu yawalowa m'mutu." Mawu amenewa timawakonda pamsika. Tikaona munthu wophunzira akuyankhula yekha pamsewu timati mabuku amuzunguza, ndipo mumtima timamva kukoma pang'ono, chifukwa zikukhala ngati ife amene tidalekeza sukulu panjira tidachita mwayi. Ine mawu amenewa ndikuwakana. Mabuku sazunguza munthu mutu. Chomwe chidawagwetsa a Dokotala ndi chomwechomwe chimagwetsa mayi wogulitsa usipa amene katundu wake wanyowa ndi mvula pomwe ndalama adatenga ku banki m'khonde: ngongole, ntchito yosatha, kusowa tulo, mantha, ndi manyazi oti anthu adziwa. Kusiyana kwake nkwakuti mayi uja akhoza kulira pabenchi anzake nkumutonthoza, pomwe a Dokotala amayenera kuvala tayi nkukaima kutsogolo kwa kalasi ngati palibe chavuta.

Ambiri a ife timaganiza kuti ntchito ya lekichala ndi kuyankhula ola limodzi kapena awiri, kenaka nkukakhala muofesi. Tiyeni tiwerengere ngati mmene timawerengera phindu. Tiyerekeze kuti kalasi ili ndi ophunzira 300, zomwe sizachilendo m'makalasi a chaka choyamba m'sukulu za boma. Pepala la mwana mmodzi likatenga mphindi 15 kulichonga, mapepala onse atenga maola 75. Amenewo ndi masiku oposa 9 a ntchito, osadzuka pampando, ndipo ndi mayeso amodzi okha a kalasi imodzi. Munthu yemweyo ali ndi makalasi ena, ali ndi ophunzira a chaka chomaliza amene aliyense akufuna kuti kafukufuku wake awerengedwe mzere ndi mzere, ali ndi misonkhano, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amakaphunzitsa anthu apantchito omwe amalipira okha fizi. Zotsatira za mayeso zikachedwa, amene amatukwanidwa pa Facebook ndi iyeyo. Magetsi akazima amachonga ndi tochi ya pafoni, ngati mmene ife timawerengera ndalama usiku.

Tsono chodabwitsa nchakuti ntchito yonseyi si imene imamukweza pantchito. Kuti lekichala afike pa upulofesa amayenera kuchita kafukufuku nkumalemba zotsatira zake m'magazini a akatswiri, ambiri mwa iwo akunja. Pepala limodzi likhoza kumutengera chaka, nkulikana, nkuyambiranso. Magazini ena amalipiritsa, ndipo amafuna madola. Apa mpamene nkhani yawo ikukumana ndi yathu. Mu May 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700 kubanki. Inu oodetsa katundu ku Tunduma kapena ku Johannesburg mukukumbuka mmene mitengo idasinthira usiku umodzi. Tiyerekeze magazini yofuna madola 1 000: dzulo lake idali K1 180 000, m'mawa mwake K1 700 000, ndiponso madolawo kubanki osapezeka. Ife mtengo ukakwera kooda timakweza pabenchi tsiku lomwelo, kapena kuchepetsa mulu. Wapamalipiro sangachepetse mulu. Amadikira kuti akuluakulu akambirane, ndipo akamamaliza kukambirana sopo wakweranso kawiri.

Pamalipiro omwewo pali mudzi wonse. Mwana amene adafika ku yunivesite, nkukaphunziranso ku Ulaya, kwawo amamuona ngati nkhokwe. Maliro akagwa bokosi ndi lake. Feteleza ndi wake. Fizi ya ana a mlongo wake, mankhwala a amalume, denga la tchalitchi, zonse foni imalira kwa iye. Sangayankhe kuti alibe, chifukwa ndani angakhulupirire kuti Dokotala alibe ndalama? Ndiye amatenga ngongole kubanki yodula pamalipiro, kenaka ina ku SACCO, kenaka ina yoti abwezere yoyamba ija. Pakutha pa mwezi kapepala ka malipiro kamaonetsa ndalama yooneka bwino pamwamba, koma msonkho ndi ngongole zikadulidwa, chotsala pansi nchosakwana kufika pa 15. Kuti atseke dzenjelo amathamangira maganyu a mabungwe, kulemba malipoti usiku, ndipo tulo timathera pamenepo. Izi sindikuzilota. A Dokotala adandionetsa okha kapepala kawo tsiku lina, manja akunjenjemera, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba.

Kutopa kotereku kuli ndi dzina. M'chaka cha 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidakulemba m'buku lake ngati vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa pantchito kosatha, ndipo lidatchula zizindikiro zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pantchito mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kulephera kugwira bwino ntchito yomwe kale munthu ankaitha. Nditamva zimenezi ndidaseka ndekha, chifukwa pamsika timazidziwa. Ndi uja mnzathu amene kale ankayala katundu mwaluso, lero amangokhuthula pa chiguduli, kasitomala akafunsa mtengo amamuyankha ngati wamulakwira, ndipo tchenji amabweza yolakwika. Kutopa kumeneku kukakhalitsa kumatsegulira khomo matenda enieni a maganizo, monga kukhumudwa kosatha ndi nkhawa yosagonetsa, ndipo ambiri amayamba kudzichiza okha ndi botolo.

Palinso mantha, omwe ife sitiwaona chifukwa amachitikira m'kati mwa mpanda. Achikulire mukukumbuka chaka cha 2011. Mu February chaka chimenecho mkulu wa apolisi panthawiyo, a Peter Mukhito, adaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, kukawafunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi zomwe zidautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi adanyanyala ntchito pofuna kutsimikiziridwa kuti m'makalasi mulibe akazitape. Anayi mwa iwo, kuphatikizapo a Jessie Kabwila omwe ankatsogolera bungwe la aphunzitsiwo, adachotsedwa ntchito, ndipo nkhaniyi idakoka mpaka mu October pamene adabwezeretsedwa. Taganizani kugulitsa pabenchi uku mukudziwa kuti mmodzi mwa makasitomala anu akulemba chilichonse mukunena kuti akapereke kwina. Mungagone? Masiku ano kazitape safunikanso kope. Foni ya mwana mmodzi ikhoza kujambula mawu a mphunzitsi, madzulo ake dziko lonse lawamva, atadulidwa mutu ndi mchira.

Mwina mukufunsa kuti zikukhudza bwanji tsamba la malonda. Funsani aliyense amene adali ndi chiwaya cha tchipisi ku Chikanda ku Zomba m'chaka cha 2011 chija, kapena mu 2017 pamene Chanco idatsekedwanso miyezi ingapo pankhani ya kusiyana kwa malipiro a aphunzitsi, kapena mu March 2020 pamene sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Koleji ikatseka, wa mandasi, wa fotokope, wa mayunitsi, wa kabaza, wometa, wa kaunjika ndi landilodi wa tizipinda ta ana asukulu onse amatseka nayo. Ku Luwinga ku Mzuzu, ku Mitundu pafupi ndi Bunda, kwa Goliati pafupi ndi MUST, ku Chitawira mu Blantyre, ndalama yambiri yomwe imazungulira imachokera m'matumba a ophunzira ndi aphunzitsi awo. Sitalaka sigwa ngati mphezi. Imayamba ndi anthu otopa, okwiya, omwe adandaula nthawi yaitali popanda wowamvera. Choncho nkhope za malekichala ndi chizindikiro cha msika, ngati mitambo kwa wogulitsa ufa pabwalo. Mukamva kuti zokambirana za malipiro zavuta, musaode mbatata ya kachewere ya mwezi wonse, ndipo landilodi asatenge ngongole yomangira chipinda china podalira lendi ya teremu ikubwerayo.

Ndiponso ambiri a ife tikuvutika pabenchi kuti mwana akafike kumeneko. Mayi amene wakazinga zitumbuwa zaka 12 kuti mwana wake alowe ku yunivesite wapereka mwanayo m'manja mwa munthu ngati a Dokotala. Munthuyo akakhala kuti sadagone masiku atatu, pepala la mwana wanu likhoza kusochera, malikisi kulembedwa molakwika, kafukufuku wake kukhala pa tebulo miyezi isanu osawerengedwa. Mwana akabwereza chaka, fizi ndi lendi ya chaka chimenecho zichokera m'chiwaya chanu.

Ndikudziwa chomwe ena mukunena, chifukwa mayi wa benchi loyang'anana ndi langa adandiuza pamaso: "Inu mukumvera chisoni munthu wa galimoto? Ife tikalephera kugulitsa lero, ana agona ndi njala lero lomwe. Iwo pa 27 ndalama imalowa, kugwe mvula kaya dzuwa." Adanena zoona, ndipo sindidawatsutse. Lekichala amalandira kuposa ambiri a ife, ali ndi penshoni, ena ali ndi thandizo la kuchipatala, ndipo palibe wa khonsolo amamulanda katundu pamsewu. Sindikupempha kuti tiwasonkhere. Komanso sindikuikira kumbuyo aja amene amazunza ana, kufuna chibwenzi posinthana ndi malikisi, kapena kusiya kalasi mwezi wathunthu ali ku ganyu. Amenewo ndi khalidwe loipa, ndipo kutopa si chifukwa chobisalirapo. Chomwe ndikukana ndi maganizo akuti malipiro ndi katemera wa matenda a maganizo. Shuga ndi BP timavomereza kuti zimagwira olemera ndi osauka omwe. Nanga bwanji nthenda ya maganizo yokha tikuti wa galimoto singamugwire, ndipo ikamugwira tiseke?

Pena ndimaona kuti wophunzirayo ndiye ali pangozi yaikulu, chifukwa alibe kolowera. Ife tili ndi gulu. Mnzathu akasowa pabenchi masiku awiri timatuma mwana kukaona. Lekichala ali ndi ofesi yotseka chitseko, ndipo anzake a pantchito ndi omwe akupikisana nawo pa udindo. Akati apite kuchipatala, namwino womulandira akhoza kukhala mwana yemwe adamuphunzitsa, kapena mkazi wa mnzake. Mawu oti "ku mental" okha amatha kumuthera ulemu womwe adaumanga zaka 20. Ndiye amasankha kukhala chete. Malipoti a apolisi a anthu odzipha m'dziko muno akhala akuonetsa chaka ndi chaka kuti ochuluka kwambiri ndi abambo, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Abambo tidaleredwa kuti mwamuna salira. Mwamuna wa madigiri atatu ndiye amaona ngati alibiretu chilolezo.

Tsono ife tichitenji, poti sitili madokotala ndipo mpamba wathu ndi wochepa? Choyamba, chifundo chisakuphereni geni. Ine ndidalakwitsa kulola tsamba limodzi kufika K86 500 chifukwa choopa tayi. Lamulo lomwe ndimatsata tsopano nlakuti ngongole zonse za m'kabuku, kuphatikiza makasitomala onse, zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a mpamba. Ngati mpamba wanu ndi K300 000, kabuku konse kasadutse K30 000, kaya wokongolayo ndi pulofesa kaya ndi mlonda. Lembani tsiku, katundu ndi mtengo iye akuona, ndipo mugwirizane tsiku lobweza lomwe likugwirizana ndi malipiro ake. Malire akakwana, tsekani tsambalo momveka koma mwaulemu: "Bwana, apa ndiye pothera mphamvu zanga, tiyambe tachepetsa iyi." Lolani kubweza pang'onopang'ono pa Mpamba kapena pa Airtel Money, chifukwa munthu wamanyazi amatumiza msanga pafoni kusiyana nkubwera ndi K5 000 pamaso pa anthu. Ndipo chonde, musakamukumbutse ngongole ana asukulu ali pomwepo, kapena kumutsatira kuofesi. Mukamuvula ulemu pagulu, ndalama yanu simudzaionanso, chifukwa adzayamba kuzungulira njira ina. Mwataya ngongole, mwataya kasitomala, ndipo mwamukankhira munthu kufupi ndi phompho.

Musasanduke katapila. Ndikudziwa kuti wapamalipiro amakopa, chifukwa mumati pakutha pa mwezi ndalama ilipo. Koma munthu amene wafika pokongola ndalama kwa wogulitsa tomato ndiye kuti banki ndi SACCO adamaliza kale, ndipo inu muli kumapeto kwa mzere. Musalandirenso laputopu ngati chikole. Kawirikawiri ndi katundu wa sukulu, m'kati mwake muli mayeso ndi malikisi a ana a anthu, ndipo tsiku lomwe idzafunidwe mudzayankha mafunso kupolisi. Inu a mabotolo sitolo, mowa wa ngongole kwa munthu amene mukuona kuti akumwa yekha masana a tsiku la ntchito si malonda. Ndipo inu ogulitsa mankhwala a mbewu ndi a makoswe, muli ndi udindo woposa tonsefe. Munthu amene mukumudziwa kuti salima, wabwera maso ali ofiira, sakufunsa kagwiritsidwe ntchito kake, sakunenerera mtengo, muuzeni kuti atha. Phindu la kabotolo kamodzi silingalipire usiku womwe mudzakhale mukudzifunsa.

Chachiwiri nchosalira ndalama. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo, a Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala ngati iwo ndi ochepa kwambiri, adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare, dera lomwe kuli msika waukulu uja. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu wovutika maganizo, kumuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi nkusankha loyamba kulimbana nalo. Anzathu a Chishona vutoli amalitcha kufungisisa, chomwe ife timati kuganiza kwambiri. Ataiyesa njirayi mwa kafukufuku adapeza kuti imathandizadi, ndipo idafalikira kumayiko ena, kuphatikizapo kuno kwathu. Agogo aja adachita kuphunzitsidwa, ndiye tisadzinamize kuti aliyense wokhala pa benchi ndi mlangizi. Koma benchi tili nalo, ndipo kufunsa sikufuna satifiketi. Ine tsiku lina msika utazizira ndidawakokera chigoba cha mabotolo nkunena kuti, "A Dokotala, khalani pansi. Za ngongole tisiye kaye. Ine ndikuona kuti simuli bwino. Mukugona?" Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adayankhula pafupifupi ola lathunthu, ine osanena kanthu kupatula kuthamangitsa ntchentche pa nsomba za mnzanga yemwe adandisiyira benchi.

Sindidawalalikire, sindidawauze kuti alimbe mtima ngati mwamuna, ndipo zomwe adandiuza sindidazitengere kwa wa benchi lina. Koma pali malire a chinsinsi. Munthu akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, kuti banja lake lingapepukidwe iye atachoka, kapena akabwera mwadzidzidzi kudzalipira zonse nkumatsanzika ngati wa paulendo, pamenepo musasunge. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, ndipo uzani mkazi wake, mwamuna wake kapena m'bale amene amamukhulupirira. Zipatala zikuluzikulu za m'maboma zimakhala ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Kuli chipatala cha Zomba Mental, komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri opita kumeneko sagonekedwa nkomwe. Amalandira uphungu kapena mankhwala nkubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Kwa akuluakulu oyendetsa sukuluzi ndili ndi mawu ochepa, ngati nyuzipepala ino ingafike pa tebulo lawo isanakulungidwe nsomba. M'chaka cha 2021 University of Malawi idagawidwa, Polytechnic nkukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala KUHeS. Zikwangwani zidasintha, ndipo chiwerengero cha ophunzira m'sukulu za boma chakhala chikukwera, zomwe ife makolo timakondwa nazo. Koma wogulitsa aliyense amadziwa kuti njinga ya kabaza ili ndi malire a matumba omwe inganyamule, ukapitirira masipoko amathothoka. Mukawonjezera ana, wonjezerani aphunzitsi. Tchuthi chikhale tchuthi, osati nthawi yochongera mapepala. Ndipo mlangizi amene mudaikira ophunzira sangathandize mphunzitsi, chifukwa palibe lekichala angakhale pamzere umodzi ndi mwana yemwe mawa amulembetsa mayeso. Apezereni kolowera kwawo, kunja kwa mpanda, komwe dzina lawo silidzafika kwa wowakweza pantchito. Tsiku la 10 October, lokumbukira thanzi la maganizo padziko lonse, kuvala matisheti nkuyenda ndawala sikokwanira.

A Dokotala adandilola kuti ndiyankhule ndi akazi awo. Mayiwo adabwera m'mawa mwake, ndipo zidapezeka kuti za kabuku kanga sankazidziwa, ngakhalenso za ngongole zina ziwiri. Panali misozi ndi mkwiyo, sindinama. Adapita nawo kuchipatala, adapatsidwa tchuthi, ndipo kwa miyezi ingapo sindidawaone. Ndalama zinkabwera pafoni, K10 000 mwezi uno, K7 000 mwezi winawo, mwezi wina osabwera konse. Ine ndidavutika nazo, moti nyengo ya mtedza chaka chimenecho ndidaoda theka la zomwe ndimaoda.

Pano abwereranso Loweruka m'mawa. Thupi labwerako, ngakhale galimoto adagulitsa ndipo amabwera pa kabaza. Amagula theka la thireyi, ndipo masiku ano amanenerera mtengo kuposa mayi wa ana asanu ndi awiri. Sabata yatha adafuna kuti ndiwalembere botolo la mafuta, ndidakana, adaseka nkubweza botololo pa shelefu. Patsamba lawo patsala K11 500.